Boila ya palafini: kuikidwa kwake ndi chisamaliro chake ku Northern Ireland

Munthu woyenda m'matauni ang'onoang'ono a ku Northern Ireland, monga Dungannon, Cookstown kapena Omagh, akasuzumira kuseri kwa nyumba amaona thanki yobiriwira yapulasitiki itakhala pa konkire, ndipo chapafupi pake pamakhala bokosi lachitsulo kapena kanyumba kamene kamatulutsa nthunzi m'mawa kukazizira, mmene mumakhala boila, makina otenthetsera madzi. M'thankimo mumakhala palafini, yemwe uja kwathu tinkagula wa m'mabotolo pa golosale, koma kuno amabwera pa galimoto yaikulu malita mazanamazana, ndipo ntchito yake ndi kutenthetsa madzi osamba, otsukira mbale, ndi amene amazungulira m'marediyeta, zitsulo za pakhoma zotulutsa kutentha m'zipinda, kuti nyumba ifunde. Kalembera wa 2021 anapeza kuti pafupifupi theka la mabanja a kuno amadalira mafuta okhaokha potenthetsa nyumba zawo, pamene ku England, Scotland ndi Wales mabanja otere ndi ochepa, ndipo ambiri a iwo ndi a kumidzi. Chinachititsa zimenezi ndi kuchedwa kwa gasi wa m'mapaipi, amene anayamba kulowa mu Belfast mu 1996 kudzera m'paipi yochokera ku Scotland. Kumadera a kumadzulo anafikako patapita zaka zambiri, ndipo m'misewu yambiri sanafike n'komwe.

Ndakhala m'nyumba za lendi zodalira boila ya palafini kwa zaka zingapo, ndipo chimene chandichititsa kulemba ndi kuona abale athu obwera kumene, ambiri a iwo anamwino ndi osamalira okalamba, akulandira makiyi a nyumba popanda wowafotokozera kuti chimene chikulira kuseri kwa khitchini n'chiyani. Kwathu madzi osamba timatereka pamoto kapena timayatsa giza ya magetsi, ndipo zonse ziwirizi timazidziwa bwino. Boila ndi moto weniweni wotsekeredwa m'chitsulo, umene munthu sauona ndi maso ndipo sangathe kuuweruza ndi mphuno. Maganizo anga ndi akuti moto wotere sukonzedwa mongoyerekeza ayi. Umafunika kupimidwa ndi zipangizo, m'manja mwa munthu wophunzitsidwa, pa tsiku limene boila yaikidwa ndiponso chaka chilichonse, ndipo wokhala m'nyumba, ngakhale asakhale mmisiri, ayenera kudziwa zokwanira kuti azindikire ngati ntchitoyo yagwiridwadi kapena wobwerayo wangopukuta fumbi n'kulandira ndalama.

Phata la makina onsewa ndi chigawo choyatsa moto, chimene amisiri amachitcha burner. Boila yeniyeniyo ikhoza kukhala ya Warmflow, yopangidwa ku Lisburn, kapena ya Grant ya ku Birr, kapena ya Firebird ya ku County Cork, koma ukatsegula chitseko chake kawirikawiri umapeza burner ya Riello, kampani ya ku Italy. Kayakidwe kake kamatsata ndondomeko imodzi tsiku ndi tsiku, ndipo munthu akamatchera khutu amaizolowera msanga. Poyamba mota ya magetsi imayamba kuzungulira, n'kuyendetsa pamodzi fani ndi pampu ya mafuta. Kwa masekondi angapo fani imangouzira mpweya m'chipinda cha moto kuti ichotse nthunzi ya mafuta imene ingakhale itatsaliramo, uku pakati pa timawaya tiwiri tolimba, totalikirana mamilimita ochepa, pakuthetheka moto wa magetsi a mavoti masauzande angapo. Kenaka valavu imatseguka, pampu n'kukankha palafini ndi pulesha ya mabaa 7 mpaka 10 (baa ndi muyezo wa pulesha) kudzera pa kabowo kakang'ono kwambiri, ndipo palafiniyo amatuluka atasanduka nkhungu, n'kusakanikirana ndi mpweya, n'kuyaka ndi mkokomo wapansipansi. Pambali pake pali kadiso ka magetsi kotchedwa photocell, kamene kamayang'anira kuwala kwa lawi. Kakaona kuwala makina amapitiriza ntchito, koma kakapanda kuona m'masekondi ochepa, bokosi lolamulira limatseka mafuta pompopompo ndi kuyatsa batani lofiira.

Kabowo kaja kali pa kachitsulo kotchedwa nozzle, kamene kamabisika m'chikhatho ukafumbata. Pa kachitsuloka pamadindidwa manambala, mwachitsanzo 0.65 ndi 80°. Yoyambayo imanena magaloni a ku America amene amadutsa pa ola limodzi, ndiye kuti malita pafupifupi 2.5, ndipo yachiwiriyo imanena katambasukidwe ka nkhungu ya mafuta ikamatuluka. Apa mwini nyumba akhoza kudziwerengera yekha kuti boila yotere ikayaka maola 4 osapumira yadya malita pafupifupi 10, ndipo sangadabwenso thanki ikamatsika msanga mu Januwale. Chovuta chake n'chakuti palafini wodutsa ndi mphamvu chaka chonse amaperepesa kabowoko pang'onopang'ono, tizinyalala natonso n'kumatsekera mbali ina, mwakuti nkhungu imayamba kutuluka mopendekeka, lawi n'kumanyambita khoma la chipinda cha moto ndi kusiya mwaye. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito salimbana n'kutsuka nozzle yakale, amangoichotsa n'kuika yatsopano ya manambala omwewo amene buku la boilayo lanena.

Batani lofiira lija ndi limene limalowetsa anthu ambiri m'mavuto. Munthu akaweruka ku ntchito ya usiku n'kupeza madzi ali zii, mtima umamuuza kuti alidine mpaka moto uyake. Kudina kamodzi si kulakwa, chifukwa nthawi zina boila imazima pa chifukwa chaching'ono, koma kudina kulikonse kumapopera palafini wina m'chipinda cha moto, ndipo ngati sakuyaka amadikha pansi. Tsiku limene moto udzagwire, palafini yense wodikhayo amayakira pamodzi, boila n'kugunda, utsi wakuda n'kutuluka. Amisiri amati udine kamodzi, ukachulutsa kawiri, ndipo ikazimanso uisiye n'kuimba foni. Zimene zimazimitsa boila ndi zodziwika ndithu. Mwina mafuta atha, mwina mpweya walowa m'paipi, mwina sefa yatsekeka, mwina kadiso kaja kaphimbika ndi mwaye, kapena timawaya tothetheka tija tasuntha. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimatha ndi kudina batani.

Moto ukayaka umatenthetsa madzi amene ali m'makoma achitsulo ozungulira chipinda cha moto, koma madzi amenewa si amene timasamba. Iwo amangozungulira m'mapaipi awo otsekeka, pampu n'kumawatumiza ku marediyeta kapena ku silinda ya madzi otentha. Silindayi imakhala m'kabati, kawirikawiri m'chipinda cha m'mwamba, imene anthu a kuno amaitcha hot press ndipo amaumitsiramo matawulo. M'kati mwa silinda muli paipi ya mkuwa yokulungidwa, ndipo madzi a m'boila akamadutsa m'paipiyo amasiya kutentha kwawo m'madzi oyera oizungulira popanda kusakanikirana nawo. M'nyumba zokonzedwa bwino muli mavalavu a magetsi amene amalola kutenthetsa madzi osamba okha marediyeta ali ozima, koma m'nyumba zina zakale zonse zimayendera pamodzi, mwakuti m'chilimwe umayenera kutseka marediyeta ndi dzanja imodziimodzi. Palinso mtundu wa boila wotchedwa combi, umene umatenthetsa madzi pa nthawi imene watsegula mpope, ndipo sufuna silinda yapadera.

Pa nkhani ya silinda ndili ndi chenjezo limene ndimalibwereza kwa aliyense. Madzi osungidwa ayenera kufika madigiri 60, chifukwa tizilombo ta Legionella, timene timayambitsa chibayo choopsa munthu akapuma nthunzi ya m'shawa, timaswana bwino m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45. Ndamva anthu akulangizana kuti atsitse kutentha kwa silinda kuti apulumutse mafuta, ndipo ndikumvetsa kumene maganizowo akuchokera, koma ndalama yopulumutsidwayo ndi yochepa poyerekeza ndi chiopsezo chake, makamaka m'nyumba mmene muli okalamba kapena odwala. Komanso madzi a madigiri 60 amaotcha khungu la mwana m'masekondi ochepa, ndiye njira yake ndi kuika valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira pafupi ndi bafa, silinda n'kukhalabe yotentha. Masilinda atsopano, amene amalandira madzi mwachindunji kuchokera ku paipi ya mumsewu, amakhala ndi kathanki kolandira kufufuma kwa madzi ndiponso valavu yotayira madzi pulesha kapena kutentha kukapyola muyezo. Valavu imeneyi ikayamba kudontha ndiye kuti pali vuto lofuna mmisiri, ndipo kuitseka kuti isadonthe ndi kuchotsa chitetezo chomaliza cha nyumba.

Mwini nyumba imene ndikukhala pano atasintha boila yakale, ndinali ndi mwayi woonerera ntchitoyo kuyambira pachiyambi, ndipo chimene chinandipatsa chikhulupiriro mwa mmisiriyo n'chakuti anayamba ndi kuyendera zipinda asanatchule mtengo. Anayeza marediyeta, anayang'ana mawindo, anakwera kudenga kukaona zokutira zosunga kutentha, nafunsa kuti m'nyumbamo timasamba anthu angati. Ambiri amaganiza kuti boila yaikulu ndiyo yabwino, koma boila yopitirira zofuna za nyumba imatenthetsa madzi ake msanga n'kuzima, pakapita kanthawi n'kuyakanso, tsiku lonse kumangoyaka ndi kuzima. Burner ya palafini imatulutsa mwaye wambiri pa nthawi yoyaka ndi yozima, ndipo zitsulo zake zimatha msanga ikamachita zimenezi kosalekeza. Boila ya mlingo woyenera imayaka nthawi yotalikirapo mosadodoma, ndipo ndi mmene imadyera mafuta ochepa.

Maboila amene akuikidwa masiku ano ndi a mtundu wotchedwa condensing. Akale ankataya kutentha kwambiri kudzera m'chumuni, koma atsopanowa amadutsitsa utsi m'chigawo chachiwiri chimene chimauyamwa kutentha mpaka nthunzi ya m'utsimo isanduke madzi, ndipo potero amapindula ndi maperesenti oposa 90 a mphamvu ya m'mafuta. Phindu limeneli limaoneka bwino madzi obwerera kuchokera ku marediyeta akakhala osapitirira madigiri 55, ndiye mmisiri amene amasiya kutentha kwa boila atakukweza mpaka mapeto amakhala atataya mbali ya chimene mwini wake walipirira. Madzi otsika m'utsiwo ali ndi asidi pang'ono, choncho amatulukira m'paipi yapulasitiki kupita ku ngalande, ndipo paipi imeneyi ndiyo imagwetsa maboila ambiri m'nyengo ya chisanu. Ikakhala yopyapyala, yosatsetsereka bwino kapena yosakutidwa, madzi amaundana m'kati mwake, boila n'kuzima pa tsiku limene ikufunika koposa. Anthu a kuno saiwala Disembala wa 2010, pamene ku Castlederg kunazizira mpaka madigiri 18.7 pansi pa ziro. Mmisiri wathu uja anaika paipi ya mamilimita 32, yaifupi, yotsetsereka ndi yokutidwa, ndipo paipi ya utsi anailozetsa kutali ndi mawindo ndi khomo la aneba, popeza boila yotere imatulutsa nthunzi yoyera yambiri imene imanyowetsa khoma.

Thanki nayo ili ndi malamulo ake, ndipo sanaikidwe mwachibwana. Iyenera kukhala pa maziko osayaka, osalala, otuluka masentimita 30 mbali zonse, chifukwa thanki yapulasitiki yodzaza ndi yolemera pafupifupi tani imodzi, ndipo ikakhala pa malo opendekeka imapindika mpaka kung'aluka. Iyenera kutalikirana mamita 1.8 ndi mawindo, zitseko, khoma losalimbana ndi moto kapena kamwa la paipi ya utsi, ndiponso pafupifupi masentimita 75 ndi mpanda wamatabwa, ndipo malo akachepa amamanga khoma lotchinga moto pakati. Mathanki atsopano ambiri ndi a mphindikira, thanki m'kati mwa thanki inzake, ndipo yakunjayo imatha kusunga maperesenti 110 a zimene zili m'kati, kuti yam'katiyo ikaboola palafini asalowe m'nthaka. Paipi yochoka pa thanki imadutsa pa sefa, kenaka pa valavu ya moto. Valavu imeneyi imakhala kunja kwa nyumba, koma kachingwe kake komva kutentha kamalowa m'kati mwa boila pamwamba pa burner, kuti moto ukabuka pamenepo mafuta atsekedwe asanalowe m'nyumba. Ukapeza boila yopanda valavu ya moto, wadziwa kale mtundu wa munthu amene anaiika.

Boila yatsopano siilumikizidwa ku mapaipi akuda. M'marediyeta akale mumadzaza matope akuda a dzimbiri, ndipo mmisiri wathu anatha maola ambiri akutsuka mapaipi ndi makina mpaka madzi anatuluka oyera, kenaka anathira mankhwala oletsa dzimbiri naika sefa ya maginito pa paipi yobwerera. Atamaliza kumanga sanangoyatsa n'kunyamula zida, koma anapima kayakidwe ka moto monga ndifotokozere m'munsimu, chifukwa boila imachoka ku fakitale itachunidwa mongoyerekeza, ndipo utali wa paipi ya utsi ndi malo amene yaikidwa zimasintha kapumidwe kake. Amisiri olembetsedwa ndi OFTEC, bungwe loona za amisiri a zotenthetsera za mafuta, amasiya fomu ya CD/10 yosonyeza kuti ntchito yoika yatha, ndi ya CD/11 yolembapo zotsatira za kupimako. Ku Northern Ireland ntchito yosintha boila imayeneranso kudziwitsidwa ku ofesi yoona za mamangidwe ya khonsolo. Makampani opanga maboila amafuna mapepala amenewa, pamodzi ndi umboni wa kukonza kwa chaka ndi chaka, kuti alemekeze lonjezo lawo lokonza ulere boila ikawonongeka.

Kukonza kwa pachaka kumayambira pa thanki. Mmisiri wabwino amaizungulira akuyang'ana ming'alu, malo otupa ndi malo amene dzuwa layeretsa pulasitiki, kenaka amapaka mankhwala ena kunsonga kwa ndodo n'kuiviika mpaka pansi. Mankhwalawo akasintha mtundu ndiye kuti m'thanki muli madzi, olowa ndi mvula pa chivundikiro chosatseka bwino kapena ochokera ku chinyezi cha m'kati. Madzi ndi olemera kuposa palafini, amakhala pansi penipeni pamene paipi imakokera, ndipo ndi amene amaundana m'sefa kukazizira, pamene palafini weniweniyo amapirira chisanu cha kuno popanda vuto. Akachoka pamenepo amatsegula sefa n'kuitsuka kapena kuisintha. Kenaka amazimitsa magetsi, amamasula burner n'kuiika pambali, amatsegula chitseko cha chipinda cha moto, n'kuyamba kusolola zitsulo zopingasa njira ya utsi. Zitsulo zimenezi zimachedwetsa utsi kuti usiye kutentha kwake m'madzi, ndipo ndinaona wathu akuzindanditsa pa nsalu m'dongosolo limene wazitulutsira, popeza chilichonse chili ndi malo ake ndipo zikabwezedwa mosemphana boila siipuma bwino. Zinatuluka zitakutidwa ndi fumbi lakuda ndi timakoko tachikasu, iye n'kuzipala ndi burashi yawaya, n'kuyamwa fumbilo ndi makina, n'kuunika ndi tochi m'makona onse. Anatsukanso kambiya kosonkhanitsa madzi a asidi aja, nayang'ana gasiketi ya pa chitseko, imene ikauma ndi kuthetheka imatulutsira utsi m'nyumba.

Pa burner ntchito yake ndi ya zala. Nozzle yatsopano anaigwira cha m'mbali osakhudza kunsonga, chifukwa kachinyalala kochokera pa chala kakhoza kutseka kabowo. Mpata wa pakati pa timawaya tothetheka anauyeza molingana ndi buku, kadiso anakapukuta ndi nsalu youma, ndipo m'mapiko a fani anachotsamo fumbi ndi utatavu wa akangaude, umene m'maboila okhala panja umachuluka mpaka kuchepetsa mpweya wolowa. Paipi yofewa yobweretsa mafuta ku pampu anaiyang'ana tsiku limene inapangidwa, naisintha, popeza imaola m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Valavu ya moto anaiyesanso kuti aone ngati ikutsekadi.

Zonsezi zikatha mpamene pamabwera chimene ine ndimachiyesa ntchito yeniyeni. Amamangirira geji pa pampu kuti pulesha ifanane ndi imene buku lanena. Boila itayaka n'kutentha, amalowetsa kapampu ka m'manja pa kabowo ka m'paipi ya utsi n'kukoka utsi kakhumi kudzera pa kapepala koyera, kenaka amayerekeza banga lotsala pa kapepalako ndi tchati cha manambala 0 mpaka 9. Boila yoyaka bwino imapereka 0 kapena 1, ndiye kuti kapepala kamatsala koyera kapena kodera pang'ono chabe. Pambuyo pake amalowetsa makina opima utsi, amene amaonetsa kuchuluka kwa mpweya wa carbon dioxide, kawirikawiri maperesenti 11 mpaka 12 malinga ndi buku la boilayo, ndi wa carbon monoxide, ndi kutentha kwa utsi. Aliyense amene anakulira pa nyali yagalasi amadziwa kuti ukakweza chingwe mopitirira, lawi limafiira, galasi n'kuda ndi mwaye, chifukwa mafuta achuluka kuposa mpweya. M'boila zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti mulibe galasi loti likuchenjeze, ndipo mpweya ukachulukitsa nawonso kutentha kumangouluka ndi utsi lawi likuoneka lokongola. Ndinaona mmisiri akupotoza kachitseko ka mpweya pang'ono kwambiri, n'kudikira manambala akhazikike, n'kupotozanso, mpaka anakhutira. Kusiyana kwa kupotoza koyamba ndi komaliza sindikanakuzindikira ndi maso kapena ndi khutu, koma manambala pa makina anasintha moonekeratu. Anasindikiza kapepala ka zotsatirazo n'kukamata pa fomu.

N'chifukwa cha zimenezi ndimakwiya ndi kukonza kwachiphamaso. M'nyumba ina imene ndinakhalamo kale, munthu amene anatumidwa kudzakonza boila anangosintha nozzle, n'kupukuta kunja, n'kuyatsa, n'kumvetsera pang'ono, n'kunena kuti zonse zili bwino. Chipinda cha moto sanachitsegule, makina opima utsi sanabwere nawo, ndipo pepala sanasiye. Pofika pakati pa dzinja la kuno khoma lozungulira paipi ya utsi linali litada, fungo la palafini wosapsa linkamveka pakhomo, ndipo mafuta ankatha msanga madzi osatentha mokwanira. Mmisiri wina atabwera anapeza njira za utsi zitatsekeka ndi mwaye wa zaka zambiri. Ntchito yotchipayo inalipiridwa ndi ife okhalamo, kudzera m'mafuta otayika ndi m'mpweya umene tinkapuma.

Mpweya umenewo ndi carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka mwezi wa Juni. Ulibe fungo kapena mtundu, ndipo zizindikiro zake, monga kupweteka kwa mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimafanana ndi za chimfine, mwakuti banja lonse likhoza kudwala osaganizira za boila. Chodziwira chake n'chakuti munthu amapezako bwino akatuluka panja, n'kudwalanso akabwerera m'nyumba. Boila ya m'nyumba imafuna mpweya wokwanira woyakira, choncho mabowo olowera mpweya pa khoma kapena pa chitseko sayenera kutsekedwa ndi nsanza ngakhale mphepo ikulowa. Kuyambira mu 2012 malamulo a mamangidwe a kuno amafuna kuti poika boila yatsopano paikidwenso alamu ya mpweya umenewu, ndipo lamulo la za lendi la 2022 linapereka udindo woika ma alamu kwa eni nyumba zobwereketsa. Alamu ikalira, chochita ndi kuzimitsa boila, kutsegula mawindo, kutulutsa aliyense panja ndi kufuna thandizo la chipatala ngati wina sakupeza bwino.

Vuto limene ndimaliona kawirikawiri pakati pathu ndi kutha kwa mafuta. Thanki ikauma, pampu imakoka matope a pansi pamodzi ndi mpweya, sefa ndi nozzle n'kutsekeka, ndipo ngakhale mafuta atsopano abwere boila siiyaka mpaka mpweyawo utatulutsidwa pa pampu, zimene nthawi zambiri zimafuna kulipira mmisiri. Wosowa ndalama yodzazira thanki amathamangira ku malo omwetsera galimoto kukagula zigubu za malita 20, zimene mtengo wake pa lita ndi wokwera kwambiri kuposa wa pa galimoto yobweretsa. Motero wosauka ndi amene amagula palafini modula, n'kuwonongetsanso boila yake. Mtengo wa mafutawa suyang'aniridwa ndi bungwe la boma monga zimakhalira ndi magetsi ndi gasi, umangotsata msika, ndipo mu 2022, Russia italowa mu Ukraine, unakwera mwadzidzidzi mpaka boma la Britain linapereka £600 ku banja lililonse la kuno kuyambira mu Januwale 2023. Bungwe loteteza ogula la Consumer Council limafalitsa mitengo ya malita 300, 500 ndi 900, ndipo ukaiyang'ana umaona kuti wogula ambiri amalipira zochepa pa lita. Palinso dongosolo lothandiza mabanja kugula mafuta motsikirapo mtengo, limene Housing Executive, bungwe loona za nyumba za boma, imathandiza kuyendetsa. Ife amene tinazolowera chipereganyu sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi, ndipo ndimalimbikitsa mabanja oyandikana kuti azisonkherana mwezi ndi mwezi n'kudzaza mathanki m'chilimwe, pamene kawirikawiri mtengo umatsikako. Thanki isamatsike kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi usanaitanitse ena, ndipo chivundikiro chake chizikhala ndi loko, chifukwa akuba palafini aliko.

Okhala m'nyumba za lendi ayenera kudziwa kuti lamulo silikakamiza mwini nyumba kukhala ndi chiphaso cha chaka ndi chaka pa boila ya palafini monga limachitira pa ya gasi. Udindo wokonza zowonongeka ali nawo, ndipo eni nyumba osamala amaitana mmisiri chaka chilichonse n'kusunga fomu ya CD/11 kapena ya CD/12, imene inakonzedwera nyumba zobwereketsa, koma ena amadikira mpaka boila ife. Usanasaine pangano ndi bwino kupempha kuona pepala la kukonza komaliza, kufunsa kuti ndani amalipira boila ikazima chifukwa cha kutha kwa mafuta, ndi kulembetsa mlingo wa palafini amene wamupeza m'thanki pa tsiku lolowa. Kufunsa zimenezi si mwano, ndipo mwini nyumba amene amasamala katundu wake amayankha mosanyinyirika.

Zilipo zimene wokhala m'nyumba angachite yekha popanda kumasula chitsulo chilichonse cha boila. Akhoza kumayang'ana geji ya madzi, imene pa mapaipi otsekeka iyenera kukhala pakati pa baa 1 ndi 1.5 boila itazizira, kutulutsa mpweya m'marediyeta amene akuzizira kumwamba, kudula zitsamba zomera mozungulira thanki, kuchotsa katundu wounjikidwa pa boila ndi kuyesa alamu podina batani lake. Akamva fungo la palafini pabwalo kapena akaona udzu ukufa pafupi ndi paipi, atseke valavu ya pa thanki nthawi yomweyo ndi kudziwitsa mwini nyumba, ndipo ngati mafuta alowa m'ngalande kapena mumtsinje adziwitse Northern Ireland Environment Agency, chifukwa palafini wolowa pansi pa maziko amatha kusamutsa banja kwa miyezi. Mng'alu waung'ono pa thanki yapulasitiki amaupaka sopo wa mtanda kuti uleke kudontha kwa kanthawi, podikira kuti mafuta apopedwere kwina. Mmisiri wa pachaka ndi bwino kumuitana mu Ogasiti kapena Sepitembala, chifukwa chisanu choyamba cha Okutobala chikafika amisiri onse amakhala akuthamangira maboila akufa, ndipo ukhoza kudikira masabata. Pa tsiku lobwera, boila izimitsidwe maola angapo asanafike kuti zitsulo za m'kati zizizire, apo ayi sangathe kuzisolola, ndipo mbali ya ntchito imene ukulipirira siigwirika.